Mabwana, mpatseni mpata wantchito wanu

Abale anga a ku Chikwawa ndi Nsanje, makamaka inu olemba anthu ntchito, nkhaniyi ikundikhudza. Munthu amene mumangomulondalonda ngati mbuzi yolowa m'dimba sangakubweretsereni nzeru zatsopano. Amachita zomwe mwamuuza basi, n'kumadikira kutha kwa mwezi.

Taonani anyamata owotcherera pa Nchalo kapena pa Ngabu. Dzuwa la Okutobala lili phwee, koma amalimbana ndi pampu yothirira yakufa, kuyesa uku ndi uku mpaka madzi atuluke. Palibe wowaimirira kumbuyo. Ntchitoyo ndi yawo ndipo amaikonda.

Mu 1971, katswiri wa ku America, Edward Deci, anapeza kuti ophunzira omwe ankalipidwa pochita masewera ovutitsa mutu anachepetsa chidwi ndalamazo zitasiya. Kampani ina ya ku America yopanga katundu wosiyanasiyana, yotchedwa 3M, imalola akatswiri ake kugwiritsa ntchito 15 peresenti ya nthawi yawo pa maganizo awoawo.

Malipiro akhale okwanira ndithu, chimanga chikudula ndipo wanjala saganiza bwino. Koma mukamulipira, muuzeni chomwe chikufunika, njira asankhe yekha. Akayesa zikakanika, musamukalipire pamaso pa anzake, khalani naye pansi muone pomwe zavuta.