Kukapa madzi ndi kupalasa: funso la asilikali owonjezera landilowa tsopano

Abale, ndapuma. Masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi funso limodzi la asayimenti, lija lotiuza kuti tiunike mkangano wa andale pa nkhani yotumiza asilikali owonjezera kunkhondo ya kunja. Anzanga a chaka chachiwiri mukulidziwa, ndiye za Chapter VII, gawo la malamulo a United Nations lololeza kugwiritsa ntchito mphamvu ya asilikali, ndi kusiyana kwa kusungitsa mtendere ndi kuukakamiza sindibwereza, tinazitafuna kale teremu yatha.

Vuto langa linali lakuti aliyense ndinkangomuvomereza. Wina akati tiwonjezere asilikali, kupanda kutero amene anafa kale aja afera chabe, ine n'kugwedeza mutu. Wina akati bwezani ana athu, nkhondoyo si yathu, n'kugwedezanso. Ndime yoyamba ndinailemba kanayi, kanayi konse n'kufufuta.

Chomwe chanditsegula mutu ndi kalendala yakale ya kugolosale. Ndinaitembenuza, kuseri kwake n'koyera, ndinaikhoma kuchitseko cha kuchipinda n'kujambulapo mzere wa zaka. Ndinayamba ndi Congo poti ndi kumene asilikali athu akhala akutumizidwa. Novembala 2012, gulu la zigawenga la M23 lilanda mzinda wa Goma kum'mawa kwa Congo. Malichi 2013, United Nations ikhazikitsa Force Intervention Brigade, asilikali pafupifupi 3,000 ochokera ku South Africa, Tanzania ndi Malawi, ololedwa kuyamba okha kuthira nkhondo. Novembala 2013, M23 igonja. Kenaka ndinadumpha zaka khumi. Disembala 2023, SADC itumiza gulu lake la SAMIDRC. Januwale 2025, Goma igwanso, asilikali athu atatu ndi a South Africa 14 ataya miyoyo. Febuluwale, pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera alamula kuti athu akonzekere kubwerera, ndipo pa 13 Malichi SADC ithetsa ntchitoyo.

Ndinaima pachitsekopo mpaka tiyi anazizira. Mayiko atatu omwewo, mdani yemweyo, mapiri omwewo a ku North Kivu. Nanga bwanji ulendo woyamba zinayenda, wachiwiri zinakanika? Ndinatenga cholembera chofiira n'kuyamba kulemba pansi pa mzere zomwe zinkachitika kutali ndi mfuti. Mu 2012, akatswiri a United Nations atanena kuti Rwanda ikuthandiza M23, mayiko ngati America, Britain, Germany ndi Netherlands anaimitsa lina mwa thandizo lawo la ndalama. Rwanda inkakana, koma pofika kumapeto kwa 2013 M23 inapezeka ili yokhayokha, ikupanikizidwa ndi asilikali a Congo ndi gulu latsopano lija. Pansi pa 2024 ndinalemba lipoti la akatswiri omwewo, lonena za asilikali a Rwanda pakati pa 3,000 ndi 4,000 ali mkati mwa Congo, ndi zokambirana za ku Luanda zomwe sizinkapita patali.

Apa ndi pomwe ndinakumbukira malume anga ku Senga Bay. Ndili mwana ananditenga m'bwato, mwera n'kutipeza tisanafike kumtunda. Anandiponyera chigubu chodula pakamwa: "Mphwanga, kapa!" Ndinakapa mpaka manja kuchita dzanzi, ndipo kwa zaka ndinkauza anzanga kuti ndine ndinapulumutsa bwatolo. Zoona zake, ine ndinkangochedwetsa kumira. Amene anatifikitsa ndi iwo ndi nkhafi yawo.

Asilikali owonjezera amakapa madzi. Amagula nthawi. Ndiye funso loyenera kufunsa wandale aliyense amene akuti tiwonjezere si lakuti angati, koma lakuti nthawi imene agule aja mudzachita nayo chiyani, ndipo akupalasa ndani. Nditangoona zimenezi, ndinazindikiranso chifukwa chake ndinkavomereza mbali zonse: sankayankha funso limodzi. Wina amakamba za madzi amene ali m'bwato, mnzake amakamba za kutalika kwa mtunda.

Ndinaziyesa ku Iraq kuti ndione ngati sizikugwira ku Congo kokha. Januwale 2007, George W. Bush alengeza asilikali ena oposa 20,000, pomwe chipani cha Democrat chinali chitangopambana nyumba zonse ziwiri za malamulo ndipo ambiri ankafuna zochepetsa. Iye mwini anati cholinga n'kupatsa boma la Iraq mpata wopumira kuti magulu agwirizane. Ziwawa zinatsikadi, ngakhale pansi pa mzere ndinayenera kulembanso za mafumu achi Sunni a ku Anbar amene anatembenukira Al-Qaeda, ndi mtsogoleri wachi Shia Muqtada al-Sadr amene anaimitsa gulu lake lankhondo mu Ogasiti chaka chomwecho. Madzi anakapidwa. Kugwirizana kuja sikunafike, ndipo mu Juni 2014 mzinda wa Mosul unagwa m'manja mwa zigawenga za ISIS. Za Afghanistan nazo n'chimodzimodzi: Disembala 2009 Barack Obama awonjezera 30,000, n'kunenerathu kuti ayamba kubwerera mu Julaye 2011. Ogasiti 2021, a Taliban alanda dziko lonselo.

Ndikunenetsa, amene mukuwerenga popanda kujambula mzere mukungodzizunza. Siyani zoloweza, siyani magulu a pa WhatsApp aja ongotumizirana manotsi a chaka chatha. Kalendala, zolembera ziwiri, basi. Pamwamba za mfuti, pansi za andale. Ndayamba kale kujambula wina wa phunziro la zachuma, ndipo ndikukhulupirira kuti palibe phunziro lomwe lingakane njira imeneyi, mwina ngakhale masamu.

Chondiwawa n'chakuti zimenezi zikanatha kunenedwa m'mphindi zisanu. Aphunzitsi athu anangotiponyera PDF ya masamba 64 Lachisanu usiku, n'kulemba kuti "werengani, zili momwemo". Ndinafunsa funso pagulu, anandiyankha patatha masiku asanu ndi kachala koloza m'mwamba. Kachala! Sindikuti ndi aulesi, ali ndi ophunzira ambiri, koma ife ophunzira tili kunyumba timaweruka kuntchito dzuwa litapendeka, kuphika, magetsi n'kuzima, bandulo n'kutha PDF ili pakati. Ine ndimawerenga kuyambira 4 koloko m'mawa kusanatenthe, poti kutentha kwa Salima mu Okutobala mutu sugwira kanthu ikangokwana 9.

Koma pali pena pomwe fanizo langa likundiluma. Kuno nkhani imeneyi si ya m'mabuku. MAFCO, koleji ya asilikali, ili pompano, asilikali odumpha m'ndege ali ku Senga Bay, ndipo ukakwera minibasi pa Kamuzu Road sudziwa ngati mayi wakhala pambali pakoyo mwamuna wake ali kuno kapena kunja. Tsiku lina bambo wina ananena mokweza kuti anyamatawa amathamangira mishoni chifukwa cha ndalama zomangira nyumba, mayi wina anangoti, "Bambo, inu munayamba mwadikirapo foni usiku wonse?" Minibasi yonse zii.

Ndiye ndikalemba kuti asilikali amangogula nthawi, ndikunena chiyani za Chancy Chitete, msilikali wathu amene anaphedwa kufupi ndi Beni ku Congo mu Novembala 2018 akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, mpaka United Nations inamulemekeza ndi mendulo chaka chotsatira? Mnzakeyo anapulumuka. Kwa iye nthawi inagulidwayo si yachabe, ngakhale opalasa anali atagona. Komanso anthu a ku Goma anakhala zaka zingapo M23 isali pakhomo pawo, kodi zaka zimenezo ndiziike pamwamba pa mzere kapena pansi?

Ndipo wokapa naye ali ndi kulemera kwake, ukachulutsa anthu bwato limatsika. Ichi sindinachiganize bwino, ndipo sindikudziwa ngati chilowe m'ndime yachitatu kapena chikugwetsa mfundo yonse. Asayimenti ikufunika Lolemba. Kalendala ikadali pachitseko, pakona pake ndalembapo funso lina lomwe mwina ndilifufuta mawa.