Zikomo kwa inu amene munandifikitsa ku Bunda

Zotsatira za MSCE zitatuluka, mapointi anga anali abwino koma kunyumba kunalibe ndalama. Aphunzitsi anga a Biology, amene akana kuti ndiwatchule dzina, anandiitanira kunyumba kwawo, nandibwereka kompyuta kuti ndifunsire malo ku yunivesite kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro a m'mayunivesite. Ndalama yolembetsera analipira okha. Anakhala nane pansi mpaka madzulo, kundilangiza kuti ndisangothamangira udokotala, ndisankhenso maphunziro ogwirizana ndi mapointi anga. Achikhala kuti sanatero, bwenzi nditatsala.

Dzina langa litatuluka ku LUANAR, yunivesite ya za ulimi ya ku Bunda, amayi a banki mkhonde anakongoza mayi anga ndalama ya ulendo. A Mvano anasonkha bulangete, sopo ndi sutikesi. Achemwali ena a chaka chachitatu, amene sitinkadziwana n'komwe, anandiyendetsa pafoni podzaza fomu ya ngongole ya ku Loans Board, akugwiritsa ntchito mayunitsi awo.

Panopa ndikuphunzira za ulimi, ndipo patchuthi ndinathandiza mayi kukonza manyowa a m'dimba mwathu. Mng'ono wanga wa Fomu 3 wayamba kufunsa mapointi ofunika kuti naye apite ku yunivesite. Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.