Mabisiketi amchere okukuta, ophikidwa mu uvuni kapena pa mbaula

Mabisiketi amchere amakoma kapena kulephereka pa chinthu chimodzi, kupyapyala kwa mtanda. Zokometsera zimabwera pambuyo. Mtanda ukachindikala, pamwamba pamafiira m'kati muli chinyontho, ndiye chimene mumaphula si sikono si bisiketi. Ukapyapyala ngati kamtengo ka machesi, pafupifupi mamilimita 2, bisiketi imauma mpaka pakati ndipo imathyoka ndi kaphokoso mukailuma.

Ndimayamba ndi kuyeza. Kapu imene ndikunena ndi ya mamililita 250, supuni yaikulu ndi 15, yaing'ono ndi 5. Ndimasefera m'beseni makapu 2 a fulawa wamba, amene ndi magalamu pafupifupi 250, n'kuthiramo supuni yaing'ono imodzi ya mchere, ina ya shuga, ndi theka la supuni yaing'ono ya baking powder. Shugayo si wotsekemeretsa, ntchito yake ndi kuthandiza kuti afiire bwino. Mchere ukakhala wamibulu ndimayamba ndausinja, apo ayi bisiketi ina imawawa mchere inzake ili yozizira. Baking powder musapyoletse poganiza kuti akoma kwambiri: akachuluka, mabisiketi amatupa n'kufewa ngati keke. Amene amakonda kakukutidwe kokhakhala angachotse kota ya kapu ya fulawa n'kuikapo mgaiwa wosefa. Osapitirira pamenepo, chifukwa ufa wa chimanga ulibe ulimbo umene uli mu tirigu, ndipo mtanda umayamba kunyenyeka pouphwatalalitsa.

Chokometsera chimene ndimachikhulupirira kuno ku Mangochi ndi usipa wouma. Ndimasankha woyanikidwa pa thandala, chifukwa wapamchenga umabweretsa mchenga m'mano ngakhale muusefe kangati. Ndimatenga wodzaza dzanja limodzi, kudula mitu ndi kufinya matumbo, pakuti kuwawa kumakhala mmenemo. Kenako ndimaukazinga pa chiwaya chopanda mafuta, moto wochepa, mphindi 4 kapena 5, mpaka uzithyoka ndikaupinda. Ukazizira ndimausinja m'kamtondo n'kusefa. Masupuni aakulu 2 a ufa umenewu akwana. Ndimaonjezeranso kota ya supuni yaing'ono ya tsabola wa kambuzi wouma wosinja, ndi timagawo tiwiri ta adyo tonyenyanyenya mpaka tikhale ngati phala. Adyo alowe m'kati mwa mtanda, osati pamwamba, chifukwa pamwamba amapserera msanga n'kuwawitsa thireyi yonse. Kwa amene safuna fungo la nsomba, supuni yaing'ono ya ufa wa kale (curry powder) pamodzi ndi adyo yemweyo zimakwanira.

Zouma zonse zikasakanikirana, ndimathira masupuni aakulu 4 a mafuta ophikira n'kufikisa ndi nsonga za zala mpaka fulawa aoneke ngati mchenga wonyowa pang'ono. Apa sindithamanga. Mafuta akakuta fulawa madzi asanalowe, ulimbo wa tirigu uja sugwirana kwambiri, ndipo bisiketi imatuluka yothyoka bwino osati yolimba ngati chikopa. Madzi ndimathira ozizira, theka la kapu, pang'onopang'ono. Fulawa wina amamwa kwambiri, choncho ngati pansi pa beseni patsala ufa wouma ndimaonjezera supuni imodziimodzi. Mtanda woyenera ndi wolimbirapo kuposa wa mandasi ndipo sumata m'manja. Kukanda ndi mphindi imodzi basi, ungogwirana.

Ndikatero ndimauvindikira ndi mbale n'kuusiya mphindi 30. Mukaufulumiza mudzaona ukubwerera m'mbuyo ngati mphira nthawi iliyonse mukaukoka, ndipo simungafike pa mamilimita 2 aja. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala beseni likhale pamthunzi pozizira, pafupi ndi mtsuko, chifukwa kutentha kwa kuno kumachititsa mafuta kutulukira pamwamba ndipo mtanda umaterera.

Ndimaudula zigawo zinayi, chimodzi patebulo, zitatu zikhalebe zovindikira kuti zisaume khungu. Patebulo ndimawaza fulawa wochepa kwambiri, n'kuphwatalalitsa ndi botolo lagalasi losalala, kuchokera pakati kupita kunja, ndikutembenuza mtandawo pafupipafupi. Cholakwika chofala n'chakuti m'mbali mumapyapyala pakati pali phiri, ndiye poyesa ndimayendetsa chikhatho pamwamba ponse n'kugoneka kamtengo ka machesi pambali. Ngati ndikufuna chitowe, ndimapaka timadzi pamwamba ndi zala, kuwaza masupuni aakulu 2 pa zigawo zonse zinayi, n'kuyendetsanso botolo kamodzi kuti timbewuto tilowe. Chitowe chongowaza chimayoyoka chonse pophula.

Tsopano foloko. Ndimaboola paliponse, motalikirana ngati chala chimodzi, kuti nthunzi ipeze potulukira. Popanda timabowoti bisiketi imafufuma ngati pilo, pamwamba n'kupserera pansi pasanapse. Ndimadula ndi mpeni timabwalo ta makona anayi ta masentimita 4, ndipo muyezo umenewu umatulutsa oposa 80. Tonse tikhale tofanana, chifukwa tating'ono timapsa tatikulu tisanayambe n'komwe. Zotsala za m'mbali ndimaziphika pazokha, sindizikandanso kawiri poti zimalimba.

Uvuni uyambe watentha kufika madigiri 200. Thireyi ndimaipaka mafuta ochepa, kuyala mabisiketi osasanjikiza, n'kuika pakati pa uvuni. Amatenga mphindi 12 mpaka 15. Pa mphindi 8 ndimatembenuza thireyi, kutsogolo kupite kumbuyo, ndipo kuyambira pa mphindi 10 sindichokapo. A m'mphepete amayamba kufiira, ndiye ndimawachotsa n'kusiya apakati apitirize. Mtundu wofunika ndi wofiirira ngati mtedza wokazinga. Otuwa amakhala ndi chinyontho m'kati, oderako amawawa, makamaka a usipa.

Popanda uvuni, kapena magetsi akazima, mbaula imagwira ntchito monga mmene timaphikira chigumu. Ndimathira mchenga wouma woyera pansi pa sefuliya yaikulu, kuchindikala ngati zala ziwiri, kuvindikira ndi chitsulo chophwatalala n'kuitenthetsa mphindi 10. Pamchengapo ndimaika mbale yachitsulo ya mabisiketi. Makala ambiri akhale pamwamba pa chivindikiro, pansi ochepa chabe, chifukwa moto wapansi ndi umene umawadetsa. Apa amatenga mphindi 15 mpaka 20, ndipo ndimawatembenuza kamodzi akafika theka. Povundukula, chivindikiro chitsetserekere kumbali pang'onopang'ono kuti phulusa lisagweremo.

Akangophulidwa amakhala ofewako, musawabwezere pamoto msanga. Ndimawayala pa lichero mphindi 20, kenako ndimathyola imodzi yapakati pa thireyi. Ikapindika m'malo mothyoka, onse abwerere mu uvuni wa madigiri 150 kwa mphindi 5.

Kusunga ndi kumene mpweya wa kunyanja kuno umavuta, makamaka nthawi ya mvula kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene mabisiketi osiyidwa pambale madzulo amapezeka atalobodoka m'mawa. Alowe m'botolo louma lotseka mwamphamvu, ndipo alowe atazizira kotheratu, chifukwa ofunda amatulutsa thukuta m'botolomo. Opanda nsomba amakhala masabata 2. A usipa adyedwe pasanathe sabata, poti mafuta a nsomba amayamba kusintha fungo kukamatentha.