Madzi a padenga lanu akupita kwa yani?

Pa kaofesi kathu kuno ku Mzuzu anzanga amajambula nyumba, ine ndimabwera pambuyo pawo kudzaonetsa pa pulani njira imene madzi a mvula adzatsate akatsika padenga ndi pabwalo. M'chilimwe palibe amandikumbuka. Koma ikafika Malichi ndi Epulo, anzathu a kummwera atayamba kale kuganiza zokolola, kuno mvula imakhala ili pachimake, ndipo foni yanga sipuma.

Lolemba kunabwera bambo wina amene akumanga nyumba zarendi pa puloti yotsetsereka cha ku Luwinga. Pulani yake inabwerako ku komiti yoona za mapulani ili ndi funso limodzi: madzi ochokera pamalopa athera kuti? Bamboyo anali atakwiya. "Abwana injiniya, madzi amapita kunsi. Zimenezi zikufunanso sukulu?"

Ndinawauza kuti lamulo la Physical Planning Act la 2016 sililola kumanga mumzinda popanda chilolezo, ndipo opereka chilolezocho ali ndi mphamvu yoika zoyenera kutsata, za ngalande zomwe. Koma malamulo sagwira mtima munthu amene wagula kale simenti, choncho ndinatenga pepala. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi, amenewo ndi madzi okwana lita imodzi. Madenga awo onse pamodzi ndi bwalo limene akufuna kuyalapo mapeva zikukwana masikweya mita 1,000. Mvula ya mamilimita 40, yomwe kuno si yachilendo, ndi malita 40,000, kapena kuti migolo 200 ya malita 200. Pamene malowo anali tchire, ambiri mwa madziwo ankalowa pansi pang'onopang'ono. Pa malata ndi konkire, pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 amathamanga, ndipo amatuluka pageti nthawi imodzi. Ndinawafunsa kuti kunsi kwawo kumakhala ndani. Anati sakuwadziwa.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinali kwa anthu a kunsiko, ngakhale si a puloti imeneyi. Mayi wina wa ku Chibavi, amene timapemphera limodzi, anandipempha kuti ndikaone nyumba yake. Ndinapeza matumba a mchenga ali pakhomo, mipando itakwezedwa pa njerwa, ndipo pakhoma la pabalaza panali mzere wa matope ofiira wofika m'mawondo mwanga. Mayiwo akhala pamenepo zaka zambiri, ndipo madzi ankadutsa m'mbali osalowa. Chasintha n'chiyani? Mnansi wa kumtunda anamanga mpanda wa njerwa kuzungulira puloti yonse, n'kuthira simenti pabwalo, kenako mmisiri wake n'kusiya bowo limodzi pakona ya kunsi, lalikulu ngati kukamwa kwa ndowa. Bowolo linayang'ana pakhomo la kukhitchini kwa mayi aja.

Tinakhala pansi kwa amfumu a m'deralo. Wa mpandayo sanali munthu wamwano ayi. Anati, "Amayi, inetu ndamanga pa malo anga. Madziwo ndi a Mulungu, ndipo enawo akuchokera kwa anzanga a kumtunda." Mayiwo anangoti, "Achimwene, a Mulungu ankadutsa uko. Awa akudutsa pabowo panu." Onse awiri ankanena zoona. Titayenda kukwera mtunda tinapeza kuti nayenso amalandira madzi a mipanda ina itatu, aliyense akukankhira mnzake. Pakati pa mapulotiwo palibe ngakhale kanjira koti n'kukumbapo ngalande, chifukwa malowo anagulidwa chidutswachidutswa kalekale, ogulitsa akuyeza ndi mapazi, osasiya malo a msewu kapena a madzi.

Apa ndi pamene ntchito yathu imavutira. Mzuzu unayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung, yomwe njere zake amayengera mafuta, m'zaka za m'ma 1940, n'kudzakhala mzinda mu 1985, ndipo pa kalembera wa 2018 unali ndi anthu opitirira 220,000. Malo ake ndi a zitunda ndi madambo. Madambowo ndiwo ankasunga madzi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono kupita ku mtsinje wa Lunyangwa. Lero ambiri tinathiramo dothi n'kumangamo, pomwe m'zitunda tikufolera malata ndi kuyala mapeva. Amene analipo mu Epulo 2016 akukumbukira mmene nyumba zinagwera ndiponso anthu amene anataya miyoyo pa mvula ija. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa mmene zingakhudzire chilengedwe, ndipo bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA ndi limene limayang'anira zimenezi. Nzabwino ndithu. Koma madzi amene analowa pabalaza pa mayi aja sanachokere ku fakitale kapena ku hotelo yaikulu. Anachokera ku timapuloti tating'ono tambirimbiri, tomwe kalikonse pakokha sikangaopse munthu, ndipo tambiri sitinaonedwepo ndi komiti iliyonse.

Tinagwirizana kuti bowo lija litsekedwe, wa mpandayo atsegule lina mbali ya kumsewu, ndipo mabanja anayi apereke kamzere ka theka la mita m'malire mwawo kuti pakumbidwe ngalande yoyala miyala. Banja limodzi lidakali kukana. Amfumu anati asiyireni iwo.

Lachinayi ndinapita kukayendera ntchito ya kasitomala wina, komwe tikumanga polowera galimoto pamwamba pa ngalande ya mumsewu. Pa pulani ndinalemba kalavati ya mamilimita 600. Ndinapeza foromani akukwirira paipi ya mamilimita 300, ati ndi imene inapezeka. Anthu amaganiza kuti theka la kukula ndi theka la madzi, koma kukamwa kwa paipi yaing'onoyo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a yaikuluyo, ndipo madzi amene ingapititse ndi ochepa kuposa pamenepo. Onjezanipo majumbo, mabotolo ndi matewera amene amayenda m'ngalande zathu, sabata siitha isanatsekeke, madzi n'kukwera pamsewu kukadya phula m'mbali. Ndinawauza afukule. Foromaniyo anandiyang'ana moipa, koma anafukula. Ndinawauzanso kuti mulu wa dothi umene anaunjika m'mphepete mwa ngalande ausunthe kapena auphimbe, chifukwa dothi la pamalo omangapo ndi limene limadzaza makalavati a kunsi, khonsolo n'kumalipira anthu okafukula ndi mafosholo.

Bambo wa ku Luwinga uja anabweranso Lachisanu, mtima uli m'malo. Dzulo lake anyamata athu anali atakumba kadzenje pa puloti yake, n'kuthiramo madzi kuti tione mmene nthaka ikumwera. Inkamwa mochedwa kwambiri, monga limachitira dothi lofiira la katondo likakhuta. Choncho dzenje lomwetsa madzi pansi, limene ambiri amathamangira chifukwa n'lotchipa, silikanathandiza kwenikweni. Komanso dzenje lotere silifunika pafupi ndi maziko a nyumba, chimbudzi chokumba kapena chitsime, ndipo pamalo otsetsereka kwambiri, ngati ena a ku Masasa, kukhutitsa nthaka madzi n'kuitana kugumuka.

Ndinawajambulira zina. Madzi a padenga alowe m'mathanki awiri a malita 5,000, oti alendi azichapira ndi kuthirira. Ndinawachenjeza kuti thanki yodzadza kale siigwira kanthu, ndiye azigwiritsa ntchito madziwo, osamangowasunga. Mapeva akhale poyenda matayala pokha, kwina konse kapinga. Kunsi kwa puloti tinaikako kadamu kosaya kokhala ndi paipi yaing'ono yotulutsira, kuti madzi aziyamba aima kaye asanapite ku ngalande ya mumsewu, ndipo m'mphepete mwake mizere ya udzu wa vetiva yogwira dothi.

Anayang'ana mtengo wa zonsezi kwa kanthawi. Ndikudziwa zimene zimachitika ndalama zikayamba kuchepa: matailosi amagulidwa, geti yokongola imagulidwa, ngalande imadikira chaka chamawa. N'chifukwa chake ndinalemba pa ndondomeko ya ntchito kuti kadamu ndi ngalande zimangidwe malata asanakwere padenga. Bamboyo anakana thanki yachiwiri, ati adzagula alendi akayamba kulipira, ndiye ndinakulitsa kadamuko kuti kalandire madzi a thankiyo. Za kapinga anavomera msanga atamva mtengo wa mapeva. Pulani tinaibweza ku khonsolo madzulo omwewo, ndipo Lolemba likubwerali ndikapita nawo kukaonana ndi anthu a kunsi kwawo, chifukwa paipi yotulutsira ija iyenera kudutsa m'malire mwa puloti ya anthuwo.