Zikomo nonse amene munandigwira mkono

Abale ndi abwenzi, sabata yathayi ndakwanitsa zaka 70. Amene munandiona chaka chatha ndili gone m'chipatala, pakamwa patapotoka, mkono wamanja uli lende, mukudziwa kuti panalibe amene akanalumbira kuti tsikuli ndidzaliona. Za sitirokoyo sindibwerezanso, mwazimva mokwanira. Lero ndabwera kudzathokoza.

Oyamba ndi mayi a kunyumba. Kundisambitsa, kundiveka, kunditembenuza pakati pa usiku kuti ndisatuluke zilonda kumsana, zonsezi anazichita osatsinya nkhope, pomwe nawonso mawondo awo si a dzana. Anamwino a usiku, maina anu sindinawagwire koma mawu anu ndikhoza kuwazindikira m'chigulu. Ndiye pali mtsikana wa mafizo uja, msinkhu wa mwana wanga wotsiriza, amene ankandipatsa pegi yoyanikira zovala kuti ndiitsegule ndi zala ziwiri. Thukuta linkachita kamukamu chifukwa cha pegi! Iye osaseka, osandimvera chisoni, amangoti, "Tiyeni bambo, kenanso." Mwanawe, batani la malaya ndikumanga ndekha tsopano.

Pa tsiku lobadwalo ana anga ndi apongozi awo anasonkherana n'kundigulira tikiti ya kukamvera piyano. Ndinakana. Ndaimba limba m'tchalitchi kuyambira ndili mnyamata, ndipo chidwalireni sindinkafuna ngakhale kuliyang'ana. Komanso ino ndi nyengo yozizira, ndipo chisanu ndi mkono wofa sizimwerana madzi: zala zimangofumbata zokha, phewa n'kuuma gwa. Chachikulu, sindinkafuna anthu andione ndikulowa mu holo wina atandigwira. Mayi a kunyumba anangoti, "Bambo, mbewa ya manyazi inafera kuuna." Mdzukulu wanga anali ataima kale pakhomo ndi jekete. "Agogo, lowetsani mkono wodwalawo poyamba." Nkhani inathera pomwepo.

Woimba wake anali mayi wachikulire, pooneka wamkulu kuposa ine, kumutu kuli mbuu. Anatulukira atakolowekera dzanja pa mkono wa mnyamata wina, akuyenda pang'onopang'ono mpaka pa mpando. Atakhala anauzira mpweya m'manja, n'kufikisa zala ngati mmene tinkachitira tonsefe panja podikira kuti atsegule chitseko. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndione ngati pali amene akuwamvera chisoni. Panalibe. Anthu ankangodikira nyimbo.

Amene simunasuzumirepo m'kati mwa piyano, muli chonchi. Makiyi alipo 88, oyera 52, akuda 36. Ukadina limodzi, kanyundo kokutidwa ndi ubweya kamamenya nsambo zachitsulo n'kubwerera nthawi yomweyo. Nsambozo zimapitirira 200. Pamene Bartolomeo Cristofori ankapanga chida chimenechi ku Florence cha m'ma 1700, chachilendo chinali chakuti munthu akhoza kuliza mokweza kapena motsitsa malinga ndi mmene wadinira. Koma kanyundo kakangomenya, basi, ulibenso mphamvu pa liwulo. Wa lipenga akhoza kuwonjezera mpweya, woimba pakamwa akhoza kukweza, koma liwu la piyano limayamba kuzilala pomwe labadwira. Chopondera chakumanja chimangolichedwetsa kutha. Izi ndazidziwa zaka zonsezi, koma usiku umenewo ndi pamene zinandilowa, mwina chifukwa nanenso ndafika poyamba kuwerenga zotsala. Mayi aja sankathamangira kukwirira liwu lozilala ndi linzake. Ankalisiya lifike pamene lafuna, kenako n'kuikapo lina, ndipo zonse zinkamveka ngati mzere umodzi wosaduka.

Ukalamba wawo sunabisike. Pofika pamalo othamanga ankayamba abweza liwiro pang'ono, kuti pothamangapo pamveke pachangu kuposa mmene zala zikuyendera. Pena chala chinaphonya, iwo osatembenuka n'komwe. Achinyamata a masiku ano amaliza mwaukhondo ndi mwaliwiro kuposa pamenepa, sindikukana, koma ambiri amaimba ngati pali amene akuwathamangitsa. Ukalamba wanga nawo sunabisike. Makutu a munthu akamakula amayamba kutaya mawu ang'onoang'ono okwera, ndiye zala zawo zikapita kumapeto a kumanja ndinkaziona zikugwira ntchito koma mawu ake ankamveka ngati akuchokera chipinda china. Mdzukulu wanga akuti pamenepo ndiye panali pokoma kwambiri. Ine zanga zinali za kumanzere, mabesi aja, omwe ndinkawamva mpaka m'miyendo ya mpando.

Popuma, mkamwini wanga anayamba kundilimbitsa mtima ndi mbiri. Arthur Rubinstein anaimba komaliza ku London mu 1976 ali ndi zaka 89, maso atayamba kale kuchita khungu. Mieczysław Horszowski ankaimbabe pagulu ali ndi zaka 99. Ndinamuyankha kuti, "Achimwene, anthu amenewo manja anali nawo onse awiri." Iye sanagonje. Ananditchulira Paul Wittgenstein, amene anaduka mkono wamanja pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, n'kupempha akatswiri ngati Maurice Ravel kuti amulembere nyimbo za dzanja lamanzere lokha. Pamenepo ndinasowa chonena. Sindikulonjeza kanthu, msayambe kundiikira tsiku.

Koma amene anandigwira mtima koposa ndi mnyamata uja. Atawafikitsa mayi oimba aja pa mpando sanachoke, anakhala chakumanzere kwawo kuti aziwatembenuzira masamba a nyimbo. Tsamba likamatha ankanyamuka mwakachetechete, n'kugwira kangodya ka pamwamba, kudikira kuti mayiwo agwedeze mutu, kenako tsegu, n'kukhalanso. Akanachedwa kamphindi kapena kutembenuza masamba awiri, nyimbo yonse ikanasokonekera. Dzina lake pa pepala la pulogalamu panalibe. Anthu ataimirira kuomba m'manja iye anabwerera kumbuyo kwa piyano, n'kudikira kuti aperekenso mkono. Ine kuomba m'manja sindingathe, ndiye ndinkamenya ntchafu ndi dzanja lamanzere, ndipo theka la kumenyako linali la iyeyo.

Anthu otero ndakhala nawo chaka chonse. Aneba amene munanditengera kuchipatala usiku uja osafunsa za mafuta. Anzanga a kwaya amene munkabwera kudzandiimbira ine lilime likukanika. Mchemwali wanga amene munasiya nyumba yanu kudzapumitsa alamu anu. Inu amene munkangotumiza uthenga pa foni, musadzione ochepa, ankandiwerengera wonse. Ana anga, tikiti ija munaiganiza bwino kuposa mmene ndinakuyankhirani. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsapo, ndipo mawa musatope.

Chomaliza. Chikuku chimene ndinabwereka sindikuchigwiritsanso ntchito, ndodo ikundikwanira. Eni ake akuti ndisawabwezere, chipite kwa wina amene akuchisowa. Matayala ali bwino, koma buleki ya kumanzere imafuna kuikoka mwamphamvu. Ngati mukudziwa wodwala amene chingamuthandize, ndilembereni ku inbox, mdzukulu wanga adzachibweretsa.