Mmene ndinakumanitsira wisiki ndi vinyo wathovu pa phwando la amalume ku Chipata

Amalume anga atapuma pa ntchito ya uphunzitsi, banja linagwirizana zowachitira phwando kunyumba kwawo ku Kapata, ndipo udindo wa zakumwa unagwera ine chifukwa ndinagwirapo ntchito yoperekera zakumwa pa malo ena ogona alendo ku Mfuwe. Amalumewo amakonda wisiki kuyambira kale, pomwe amayi akunyumba kwawo ankafuna kuti alendo alandiridwe ndi vinyo wathovu, uja ambirife timangomutcha shampeni. Titakhala pansi kukambirana, amalume anati, "Muphwa wanga, sitikufuna matebulo awiri, lina la wisiki lina la vinyo. Upeze njira yoti ziwirizi zikumane m'tambula imodzi." Ndinayankha kuti, "Ndamva amalume, koma mundipatse masabata awiri kuti ndiyambe ndayesa ndekha."

Ndinayambira pa vinyo, chifukwa ndiye amadzaza tambula ndipo ndiye sachedwa kuwonongeka. Dzina lakuti Champagne ndi la vinyo wochokera ku dera la Champagne ku France kokha, ndipo mtengo wake sukanatheka pa phwando la anthu 30. Ku Italy kuli Prosecco, yemwe thovu lake limapangidwira m'matanki akuluakulu, ku Spain kuli Cava, ndipo ku South Africa kuli Cap Classique, yemwe anayamba kupangidwa ku Stellenbosch mu 1971. Cava ndi Cap Classique amatsata njira ya ku Champagne, yomwe vinyo amawira kachiwiri ali kale m'botolo lotseka, kotero kuti mpweya umatsekeredwa mommo ndipo yisiti amasiya kafungo konga ka buledi wongophula kumene. Kafungo kameneka ndi komwe ndinkafuna, chifukwa kamayenderana ndi fungo la mtengo lomwe wisiki amatenga m'migolo.

Chinthu chachiwiri chomwe ndinayang'ana pa botolo ndi mawu osonyeza kuchuluka kwa shuga. Botolo lolembedwa brut limakhala ndi shuga wosafika magalamu 12 pa lita, pomwe lolembedwa demi-sec limakhala ndi magalamu apakati pa 32 ndi 50. Mawu akuti extra dry amasokoneza ogula ambiri, chifukwa vinyo wake ndi wotsekemera pang'ono kuposa brut. Ndinagula botolo limodzi la brut ndi lina la demi-sec kuti ndiyesere, popeza ndinkadziwa kuti alendo ambiri a kwathu amakonda chotsekemera.

Pa wisiki ndinasonkhanitsa mitundu itatu. Amalume anali ndi Scotch wosakaniza yemwe amamwa masiku onse, ndipo malamulo a wisiki wa ku Scotland ameneyu amafuna kuti akhale m'migolo ya mtengo wa oak zaka zosachepera zitatu komanso mphamvu yake isatsike pa 40 peresenti. Mnzanga wina anandigawira pang'ono wisiki wa ku chilumba cha Islay ku Scotland komweko, yemwe amanunkhira utsi chifukwa chimera cha barele chimaumitsidwa ndi moto wa dothi lakuda la zomera zovunda lotchedwa peat. Wachitatu anali bourbon wa ku America, yemwe msuweni wanga anabwera naye pa basi kuchokera ku Lusaka. Bourbon ndiye ndinkamuyembekezera kwambiri, chifukwa lamulo la kumeneko limati mbewu zake zikhale chimanga chosachepera 51 peresenti, ndipo amasungidwa m'migolo yatsopano yowauliridwa m'kati. Kwa munthu wokulira ku Chigawo cha Kummawa, komwe chimanga ndicho moyo wathu ndipo kutcheza kachasu tonse tinakuonapo, n'zosangalatsa kumva kukoma kwa chimanga chomwecho m'chakumwa chochokera kutali chotero.

Kuyesa ndinakuchita Loweruka madzulo pamodzi ndi mlongo wanga ndi msuweni uja. Ndinandandalika matambula asanu ndi limodzi, atatu a brut ndi atatu a demi-sec, ndipo m'tambula iliyonse ndinathira wisiki wofanana muyezo. Tinkangolawa pang'ono n'kutsuka m'kamwa ndi madzi tisanapite pa ina. Wisiki wa ku Islay tinamuchotsa msanga, chifukwa thovu likamaphulika limanyamula fungo n'kulifikitsa m'mphuno mwamphamvu, ndipo utsi uja unaphimba vinyo yense mpaka mlongo wanga anati akumva ngati nsalu yomwe yagona m'khitchini ya nkhuni. Wisiki ameneyu ndi wabwino payekha kapena ndi timadontho ta madzi, koma m'vinyo wathovu amangowononga ndalama ziwiri nthawi imodzi.

Demi-sec nayenso sanayende bwino, makamaka ndi bourbon. Bourbon ali kale ndi kutsekemera kwake konga kwa vanila ndi shuga wopserera, kochokera ku mgolo wowauliridwa uja, ndipo kukakumana ndi shuga wa m'vinyo chakumwacho chinalemera n'kumamata pa lilime. Choopsa china n'chakuti shuga amabisa ukali wa mowa, kotero munthu amamwa mofulumira ngati akumwa chakumwa chozizira wamba. Bourbon ndi brut ndizo zinagwirizana, chifukwa kuwawasa kwa vinyo kunadula kutsekemera kwa wisiki, ndipo kumapeto m'kamwa munkatsala moyera. Scotch wa amalume ndi brut zinalinso bwino, kungoti kukoma kwake kunali kopepuka kotero kuti wisikiyo sankamveka kwenikweni.

Nditasankha bourbon ndi brut, ndinakhala nthawi yaitali pa muyezo, ndipo apa ndi pomwe ndikuona kuti anthu ambiri amalakwitsa poganiza kuti kuchereza bwino ndi kuthira wisiki wambiri. Ndinayamba ndi mamililita 40 a bourbon, koma vinyo anazimiririka ndipo thovu linafa msanga. Ndinatsika mpaka pa 25, n'kuwonjezera mamililita 10 a madzi a mandimu ofinyidwa nthawi yomweyo ndi kasupuni kamodzi ka uchi, kenako mamililita 100 a vinyo. Uchi sungathiridwe momwe ulili, chifukwa ukakumana ndi zozizira umauma n'kukhala pansi pa tambula, choncho ndinausungunula kaye m'madzi ofunda ofanana nawo muyezo n'kuusiya uzizire. Chakumwa chonga ichi chimadziwika kale m'mabala ndi dzina lakuti French 95, ndipo kusiyana kwa changa kunali uchi m'malo mwa shuga komanso wisiki wocheperako. Pa muyezo umenewu botolo la vinyo la mamililita 750 limapereka matambula asanu ndi awiri, ndipo botolo limodzi la bourbon la mamililita 750 limakwana matambula 30.

Ndinawerengeranso mphamvu yake kuti ndidziwe chomwe ndikupatsa anthu. Mamililita 25 a wisiki wa 40 peresenti ali ndi mamililita 10 a mowa weniweni, ndipo mamililita 100 a vinyo wa 12 peresenti ali ndi 12. Zonse pamodzi ndi mamililita 22, zomwe zikuposa mamililita 17 a m'botolo la mowa wamba la mamililita 340 wa 5 peresenti. Chifukwa cha ichi tinagwirizana ndi amalume kuti mlendo aliyense alandire tambula imodzi yokha, ndipo ilandiridwe chakudya chitayamba kutuluka. Omwe ankayendetsa galimoto kubwerera ku Katete ndi ku Lundazi, omwe samwa mowa, ndi onse osafika zaka 18 tinawakonzera madzi a mphesa athovu opanda mowa m'matambula ofanana, kuti pokweza matambula pasaoneke wosiyidwa.

Phwando linali mu Okutobala, mwezi womwe dzuwa la ku Chipata limaotcha kwambiri, ndipo kuzizira kunandidetsa nkhawa kuposa china chilichonse. Vinyo wathovu amafuna kuperekedwa ali pa madigiri apakati pa 6 ndi 8, chifukwa akatentha mpweya umathawa msanga ndipo botolo limatumphuka potsegula. M'mawa wa tsikulo magetsi anazima, koma ndinali nditaumitsiratu mabotolo a madzi usiku. Ndinaika vinyo m'ndowa yodzaza ayezi, madzi ndi dzanja limodzi la mchere, chifukwa madzi amchere amazizira kwambiri ndipo amakhudza botolo paliponse. Bourbon, mandimu ndi uchi ndinazisakaniza m'jagi imodzi n'kuimiza m'ndowa yomweyo.

Potsegula ndinapita pambali, kutali ndi anthu, popeza m'botolo lotere muli mphamvu ya mpweya yoposa kawiri ya m'tayala la galimoto, ndipo chitsekero chikathawa chingathe kuvulaza diso. Ndinamasula waya chala chachikulu chili pamwamba pa chitsekero, ndinapendeketsa botolo, ndipo ndinazunguza botololo pang'onopang'ono chitsekero nditachigwira osasuntha, mpaka chinatuluka ndi kamphepo chabe. M'tambula iliyonse ndinayamba ndi msakanizo wa wisiki, kenako vinyo ndikumutsetsereza m'mbali mwa tambula yopendekeka, osatakasa ndi supuni, chifukwa thovu lokha limasakaniza likamakwera. Pa tebulo tinaikapo mtedza wokazinga wamchere ndi nyama yambuzi yootcha, ndipo mafuta ndi mchere wa zakudyazi zinayenderana bwino ndi kuwawasa kwa brut.

Amalume ndinawapatsa tambula yawo nditagwada, monga mwa mwambo, ndipo pambali pake ndinaikapo kambale ka mtedza. Analawa kamodzi, anakhala chete pang'ono, kenako analawanso n'kundifunsa kuti, "Kodi kukoma kwa kumapetoku n'kwa chiyani, muphwa wanga?" Ndinati, "N'chimanga chimenecho amalume, chongokhala zaka m'mgolo." Anatembenukira kwa amayi akunyumba kwawo n'kuwapempha kuti aimirire nawo limodzi, ndipo alendo onse anakweza matambula awo.