Loweruka: tadzera kunyanja, Kasungu tidzamuona pobwerera

Ndikulemba izi ndili pakhonde la nyumba yogona alendo kuno ku Chintheche. Mwera ukuwomba, mafunde akuchita kumveka ngati afika pakhomo, ndipo ana agona kale ndi mchenga kumapazi. Tikanatsata zomwe tinapangana Lachinayi, bwenzi pano tili ku Mzuzu kwa achemwali, titadya kale. Koma mapangano aja anasweka m'mamawa wa lero, katundu ali kale m'galimoto.

Bambo a ana anali atatsimikiza za M1. Mfundo zawo zinali zomveka ndithu. Kuchoka ku Lilongwe kudzera ku Mponela, Kasungu, Jenda mpaka ku Mzuzu ndi makilomita pafupifupi 360, ndipo ukanyamuka kukucha umakadyera nkhomaliro ku Mzuzu komweko. Njira yakunyanja njozungulira: uyambe watsikira ku Salima, makilomita pafupifupi 100, kenako ukwere ndi M5 kudutsa Nkhotakota, Dwangwa, Chintheche ndi Nkhata Bay. Mafuta ambiri, nthawi yambiri. Ndi mmene mafuta amavutira nthawi zina, munthu sufuna kuwonjezera mtunda popanda chifukwa.

Ine ndinalibe mbali. Chimene ndinkaopa pa M1 ndi ku Chikangawa kokha. Mwezi uno wa Ogasiti chifunga chimatsekabe m'nkhalango ya paini muja, ndipo ndinadutsamo kale tsiku lina tikuona mamita ochepa okha kutsogolo, malole a matabwa akungotulukira ngati mizukwa. Koma ndinkadziwa kuti masana chimakhala chitayera.

Amene anatembenuza zonse ndi amayi anga. Anali atakhala kale kumbuyo, chitenje chawo chili pamiyendo, osalowerera mkangano wathu. Kenako anangoti, "Apongozi, kodi njira yakunyanjayo imadutsa pa Nkhotakota penipeni?" Bambo a ana anati inde amayi, pa boma pomwe. Amayi anati, "Ndinachokako ndili mtsikana. Sindinapondekonso." Sanapemphe chilichonse. Tinangoyang'anana, bambo a ana n'kuliza galimoto, ndipo m'malo molunjika ku Lumbadzi tinakhotera msewu wa ku Salima.

Mwana wathu wachisamba anabweretsa njira yachitatu titatsika kale zitunda. Akuti tikanapita ku Kasungu, n'kukhotera M18 yomwe imabzola nkhalango ya Nkhotakota, mwina tikanaona njovu. Ananena zoona: mu 2016 ndi 2017 a African Parks anasamutsira kumeneko njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Ndamulonjeza kuti ulendo wina tidzayesa, ndipo ndikufuna kudzasunga lonjezolo.

Pa Salima tinathira mafuta mpaka kukamwa. Amene mukufuna kudzera njira iyi, musachite ulesi pamenepa. Mukapeza mafuta thirani, ngakhale thanki ili pakati, ndipo mukafika pa Nkhotakota kapena pa Dwangwa onjezeraninso.

Za msewu ndinene mosabisa: M5 si msewu wothamanga. M'malo ambiri ngwopapatiza, phula linadyeka m'mbali, ndipo muli njinga za kabaza, mbuzi, ana, ngolo. Palinso timilatho todutsa galimoto imodzi. Pa kamlatho kena tinaima kudikira minibasi yomwe inalowa kale, ndipo mayi wina wosenza mtolo wa chinangwa anadutsa pafupi ndi zenera langa mpaka ndinamva fungo la kondowole wonyikidwa. Anatipatsa moni ngati amatidziwa. Bambo a ana sanapitirire 60 kwa nthawi yaitali, ndipo ndinaona nsagwada zawo zikulimba pa dzenje lililonse. Nyengo ya mvula sindingalimbikitse munthu kudzera kuno asanafunse amene adutsako dzulo lake, chifukwa mitsinje yotsika kumapiri imadula msewuwu kawirikawiri.

Pa Chia tinaima. Anyamata anathamangira galimoto atanyamula nsomba m'mwamba, zikudontha madzi. Amayi anatsika okha, n'kutsegula makha a chambo ndi chala kuti aone ngati ali ofiira. Ziwiri anazikana, zitatu anatenga, ndipo malonda ake anachita ndi mawu omwe sindinawamvepo m'kamwa mwawo, kalankhulidwe kakunyanja kokoka mawu. Mnyamata uja anamangirira nsombazo pagalasi lam'mbali ndi mlaza kuti zizipitidwa mphepo. Wamng'ono wathu anaziyang'ana njira yonse.

Koma tsiku la lero ndi la Nkhotakota. Amayi anatilondolera okha, osafunsa munthu, mpaka ku mishoni ya Anglican, pamene pali mkuyu waukulu uja umene amati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860, kukamba zothetsa malonda a akapolo. Anafotokozera zidzukulu zawo kuti anthu ankawasonkhanitsa pano, n'kuwawolotsa nyanja pa zombo kupita kutsidya, ulendo wa ku Kilwa osadzabweranso. Nkhaniyi anawo anaiphunzira kusukulu, koma lero anaimva ataimirira pamizu ya mtengowo, agogo awo atagwira khungwa lake ndi dzanja. Kenako amayi anakhala chete. Anayang'ana njira ina yotsikira kunyanja n'kunena kuti m'menemo ndi momwe ankadzera ndi mayi awo pokatsuka mbale. Nyumba yawo kulibenso. Sanalire, koma anapempha kuti tikhale kaye pang'ono, ndipo tinakhala pafupifupi ola lathunthu. Bambo a ana, omwe m'mawa ankawerengera makilomita, sanayang'ane wotchi ngakhale kamodzi. Ndawathokoza madzulo ano tili awiri.

Tinagulanso mpunga wa faya, wonunkhira mpaka m'galimoto monse.

Kuyambira pamenepo ulendo unangoyenda. Pa Dwangwa minda ya nzimbe mbali zonse, mathirakitala okoka nzimbe akutichedwetsa. Titawoloka Dwambazi, chilankhulo cha m'misika chinasanduka Chitonga, ndipo nyanja inayamba kuonekera pafupi, mchenga woyera mbee. Kutali pamadzi tinaona ngati utsi ukukwera; mwana anafuula kuti boti likupsa, amayi n'kuseka, akuti zimenezo ndi nkhungu, ndipo anthu amaziwomba ndi lichero n'kupanga ndiwo.

Dzuwa litapendeka tinagwirizana zogona kuno. Kuyenda usiku pamsewu wopapatiza chonchi, wodzaza njinga zopanda nyali, sitinafune. Ndaimbira achemwali kuti asatidikire ndi nsima. Chambo chija atiwotchera pamakala, ndipo amayi adya mutu wonse, osasiya kanthu.

Mawa tidzuka mosathamanga. Tidutsa m'minda ya rabara ya ku Vizara, komwe anyamata amagulitsa mipira ya rabara m'mbali mwa msewu, ndipo wamng'ono wandiuza kale kuti akufuna iwiri. Kuchoka pa Nkhata Bay kukwera ku Mzuzu sipakwana makilomita 50. Pobwerera Lachisanu tidzera ku Chikangawa ndi ku Kasungu monga bambo a ana ankafunira, tidzanyamuke chifunga chitayera. Amayi afunsa ngati m'mawa angatsikire kunyanja kukasamba m'maso tisananyamuke, ndipo ndawauza kuti andidzutse tipitire limodzi.